Nyali za pikapu ya m'misewu ya fumbi: kuona njira popanda kuthobwa mnzako

Amene anayendapo usiku pa msewu wa fumbi wochoka ku Rumphi kukwera ku Nyika, kapena kukhota m'makona a Gorodi kuchoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, amadziwa kuti mdima wa kumudzi si wamasewera. Kulibe magetsi a mumsewu, kulibe mizere yoyera, ndipo ng'ombe yakuda ikagona pakati pa njira imangofanana ndi usiku womwewo. M'misewu yotereyi ndi mmene pikapu imagwira ntchito yake yeniyeni: Hilux, Land Cruiser, Hardbody, Isuzu, Ranger, zitasenza feteleza, chimanga, odwala, nthawi zina maliro.

Masiku ano nyali za LED zadzaza m'mashopu a sipeya, ndipo eni mapikapu ambiri akuzimangirira pa bampala ndi padenga. Zina zathandizadi. Zina zasanduka chozunzira oyenda pansi, a kabaza ndi madalaivala anzathu. Nawa mafunso amene mwini pikapu ayenera kudzifunsa asanapereke ndalama.

Nyali za pikapu yanga zikuoneka zofooka. Ndigule chinyali chachitali cha LED?

Musafulumire. Nthawi zambiri nyali zimene galimoto inabwera nazo sizinakalambe ayi, zangonyalanyazidwa. Yambani ndi kuyang'ana galasi la nyaliyo. Pa mapikapu ambiri a masiku ano galasili ndi la pulasitiki, ndipo dzuwa limaliwaula mpaka kukhala lachikasu ngati dzino la wosuta fodya. Kulipukuta bwino ndi mankhwala opolishira kumabwezeretsa kuwala kochuluka pa mtengo wochepa. Suzumirani mkati: ngati mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu yachita dzimbiri kapena mwalowa madzi, babu latsopano silidzathandiza.

Kenako pitani kwa wamagetsi a galimoto akayeze mphamvu imene ikufika pa babu. Injini ikulira, batire limayenera kuonetsa ma volt apakati pa 13.8 ndi 14.4. Ngati pa babu pakufika zochepa ndi theka la volt kapena kuposa, mphamvu ikutayikira m'mawaya okalamba, m'mapulagi a dzimbiri, kapena pa waya wa earth womangidwa pa chitsulo chakuda. Babu la halogen silipirira njala yotere: mphamvu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pomaliza tsukani galasi lakutsogolo, mkati ndi kunja. Ambiri akachita izi amadabwa kuti galimoto yawo inali ndi maso kale.

Ndingadziwe bwanji kuti nyali zanga zalunjika bwino?

Ntchito iyi mungaichite nokha madzulo amodzi. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira komanso kumbuyo kulibe katundu. Yezani msinkhu wa pakati pa nyali kuchokera pansi, ndipo lembani mzere wa msinkhu womwewo pa khomalo. Yatsani dimu, nyali zija zoyang'ana pansi. Malire a pamwamba a kuwala ayenera kugwera masentimita 10 mpaka 15 pansi pa mzere wanu. Akakwera kuposa pamenepo, ndiye kuti mukuwalitsa m'maso mwa anthu. Akatsika kwambiri, mukudzimana njira. Kumbuyo kwa nyali kuli tizomangira tokwezera ndi kutsitsira.

Kumbukirani kuti pikapu si galimoto wamba. Mukakweza matumba 15 a chimanga, kumbuyo kumatsika, mphuno imadzuka, ndipo dimu yanu imasanduka fulu kwa amene akubwera. Mapikapu ena ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero kolembedwa 0, 1, 2, 3. Ntchito yake ndi kutsitsa nyali galimoto ikalemedwa. Palinso china: kuno timayenda kumanzere, choncho dimu yoyenera imakwera pang'ono mbali ya kumanzere kuti ionetse m'mphepete mwa msewu. Nyali zopangidwira mayiko oyenda kumanja zimakwera mbali inayo, m'maso mwenimweni mwa obwera. Pogula nyali ya sipeya, funsitsani za zimenezi.

Ogulitsa amati pali spot, flood, fog ndi light bar. Zimasiyana pati?

Zimasiyana pa mmene zimaponyera kuwala. Spot imasonkhanitsa kuwala kukhala kamtanda kakang'ono kopita kutali, ngati tochi ya mlenje. Imathandiza pa msewu wowongoka wa m'chigwa, koma pa makona imaunikira tchire lakutsogolo n'kusiya njira imene mukukhotera ili mumdima. Flood imamwaza kuwala m'mbali koma sipita patali. Iyi ndiyo ya m'mapiri, m'nkhalango ndi pogwira ntchito usiku, monga potsitsa katundu kapena posintha tayala. Fog imaikidwa pansi, kuwala kwake n'kotambalala ndipo kumadulidwa pamwamba kuti kudutse kunsi kwa chifunga. Light bar ndi mzere wa timababu ta LED mu chitsulo chimodzi, ndipo yambiri imaphatikiza spot pakati ndi flood m'mbali.

Ndiye musanafunse kuti nyali yamphamvu ndi iti, dzifunseni kuti njira yanu ndi yotani. Woyenda m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje nyengo ya chiperoni, kapena wodutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa, adzapindula ndi fog ziwiri zabwino kuposa chinyali cha padenga. Wokhota m'zitunda amafuna kuwala kwa m'mbali. Woyenda mtunda wautali wowongoka ndiye amafuna spot.

Pa katoni pamalembedwa manambala akuluakulu. Ndikhulupirire ati?

Ma watt amanena za chakudya chimene nyali ikudya, osati kuwala kumene ikutulutsa. Ma lumen amanena kuchuluka kwa kuwala kotuluka: babu wamba la H4, lija la ma watt 60 ndi 55, limatulutsa ma lumen pafupifupi 1,650 pa fulu ndi 1,000 pa dimu. Koma ma lumen sakuuzani kumene kuwalako kukugwera. Chimene chimakhudza dalaivala ndi lux, muyeso wa kuwala kumene kwafika pamalo. Opanga nyali odalirika amalemba mtunda umene nyali imafikitsa lux imodzi, kumene kuli kuwala koposa kwa mwezi wathunthu. Nambala imeneyo ndiyo yofananitsira nyali ziwiri.

Dziwaninso kuti kuwala kumafooka msanga ndi mtunda: kuti mufikitse kuwala komweko pa mtunda wowirikiza kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza kanayi. N'chifukwa chake galasi ndi mbale zopangidwa mwaluso zimaposa kuchuluka kwa timababu. Nyali zotchipa zambiri zimalemba manambala ongowerengera papepala, osati oyezedwa nyali itayaka n'kutentha.

Nambala ina yofunika ndi ya IP. IP67 imatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo nyali ingapirire kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Pa msewu wa fumbi ndi mitsinje yopanda milatho, musagule yochepera pamenepo. Igwireni m'manja: kumbuyo kwake kukhale kwa aluminiyamu yokhala ndi zipsepse zotayira kutentha, chifukwa LED imafa ndi kutentha.

Nanga kuwala koyera mbee ndi kwachikasu, kwabwino ndi kuti?

Mtundu wa kuwala umayezedwa ndi nambala yotsatana ndi chilembo K. Halogen imakhala cha m'ma 3,200K, yofiirira pang'ono. LED zambiri za m'mashopu ndi za 6,000K kapena kuposa, zoyera mopita ku buluu. Kuwala kwa buluuku kumaoneka kwamphamvu, koma kukagunda fumbi, mvula kapena chifunga kumabwerera m'maso mwanu ngati khoma loyera, ndipo maso amatopa msanga. Kwachikasu sikuboola chifunga mwamatsenga ayi. Kumangochepetsa kuthobwa, moti maenje ndi mizere ya matayala zimaoneka bwino. Ku France, kuyambira m'ma 1930 mpaka 1993, lamulo linkafuna kuti galimoto zikhale ndi nyali zachikasu.

Kwa pikapu yoyenda kwambiri m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala, pamene lole imodzi imasiya mtambo wautali kumbuyo kwake, nyali ziwiri zachikasu zoikidwa pansi ndi zothandiza. Za kutali zikhale zoyera mosapitirira, cha m'ma 4,300K mpaka 5,000K.

Bwanji ndingochotsa mababu a halogen n'kuikamo a LED?

Apa ndi pamene ambiri amalakwira anzawo mosadziwa. Mbale ya m'nyali inapangidwa moganizira kawaya kakang'ono kowala ka halogen, kokhala pamalo amodzi enieni. Babu la LED limawala kuchokera pa timabwalo tosalala, nthawi zambiri tosakhala pamalo omwewo. Zikatero mbale imamwaza kuwala kulikonse: pafupi ndi bampala pamawala kwambiri, inu n'kumaganiza kuti zinthu zayenda, pamene kutali kwachepa ndipo obwera akuthobwa ngakhale muli pa dimu. Kuwala kwa pafupiko kumachititsanso kuti maso anu asaone bwino kutali.

Ngati mwaika kale, bwererani pa khoma lija. Malire a dimu akasowa, kuwala kukangobalalika, bwezeranimo halogen yabwino. Poika babu la halogen musagwire galasi lake ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amalipsereza msanga. Musaikenso mababu a ma watt 100 pa mawaya opangidwira 55; mapulagi amasungunuka.

Nyali zowonjezera ndiziike pati: padenga kapena pa bampala?

Padenga pamakongola, koma pali mavuto ake. Kuwala kochokera pamwamba kumagunda boneti n'kubwerera m'maso, makamaka pa galimoto yoyera. Kumaunikira fumbi lonse lili patsogolo pa galasi. Kumafafanizanso mithunzi, pamene dalaivala amazindikira dzenje ndi mthunzi wake. Onjezerani phokoso la mphepo ndi nthambi za mitengo zokola. Ngati mwasankha padenga, ikhale chakumbuyo pang'ono kuti denga lomwelo litchinge boneti.

Malo abwino kwa ambiri ndi pa bampala kapena pa chitsulo chotchinga kutsogolo, pa msinkhu wa nyali za galimoto. Samalani kuti musatseke mphepo yopita ku radiator, makamaka ngati mumakwera zitunda monga Chiweta mutasenza, kapena mumayenda m'kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje. Zomangira zikhale za chitsulo chochindikala, ndi manati osamasuka okha. Msewu wa mabampu ang'onoang'ono umamasula chilichonse, ndipo nyali yonjenjemera imatopetsa maso kuposa mdima.

Kulumikiza mawaya n'kovuta? Mnyamata wina anati angolumikiza ku waya wa nyali zakale.

Musalole. Moto wa m'boneti ungayambire pa waya wopotokola ndi manja n'kukulunga tepi. Masamu ake ndi osavuta: gawani ma watt ndi ma volt kuti mupeze ma amp. Light bar ya ma watt 120 pa galimoto ya ma volt 12 imakoka ma amp 10. Switchi ya mkati ndi mawaya opyapyala a nyali zakale sizinapangidwire katundu wowonjezera wotere.

Njira yake ndi iyi. Mphamvu ichokere ku batire pa waya wakewake, wosachepera 2.5 mm² pa ma amp 10. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, yokulirapo pang'ono kuposa zimene nyali ikukoka, monga ya 15 pa nyali ya ma amp 10. Ntchito yake ndi kuteteza waya wonse ukachita shoti. Kenako pakhale relay, kabokosi kamene kamalola switchi yaing'ono kulamula mphamvu yaikulu. Miyendo yake ili ndi manambala: 30 imalandira kuchokera ku batire, 87 imapita ku nyali, 85 ndi 86 ndi zoyatsira relay yomweyo. Chofunika koposa n'chakuti, kupatula pa nyali za fog, chizindikiro choyatsira chichokere ku waya wa fulu, kudzera pa switchi yanu. Mukatero, nthawi iliyonse mukabwerera pa dimu nyali zowonjezera zimazima zokha, popanda kufufuza batani mumdima. Ma Toyota ambiri akale amayatsa nyali kudzera ku mbali ya negative, choncho wamagetsi ayambe wayeza asanadule waya. Onetsetsaninso ngati galimoto yanu ndi ya ma volt 12 kapena 24, chifukwa Land Cruiser zina zakale ndi za 24.

Paliponse pamene waya akuboola chitsulo payikidwe mphira. Mawaya adutse kutali ndi ekizosi ndi fani, atamangidwa bwino. Safunsa anadya phula: ndalama ya wamagetsi wodziwa ntchito ndi yochepa poyerekeza ndi galimoto yopsa.

Kodi nyalizi sizimaliza batire?

Injini ikulira, alternator ndiyo imadyetsa zonse, ndipo ma amp 10 kapena 15 owonjezera sangaigonjetse ngati ili bwino ndiponso lamba wake ndi wolimba. Vuto limabwera injini itazima. Pa maliro kapena pa msonkhano wa usiku anthu amapempha kuti pikapu iwaunikire, ndipo maola angapo ndi okwanira kuti m'mawa injini ya dizilo ikane kulira. Batire lodzaza, litapuma, limaonetsa ma volt 12.6; likamatsika kufika cha m'ma 12.0 ndiye kuti latha kwambiri, ndipo kulitsitsa chonchi kawirikawiri kumalifupikitsa moyo. Ngati ntchito yanu imafuna kuunikira mutaima, ikani batire lachiwiri lokhala ndi chipangizo cholilekanitsa ndi loyamba. Mitu ya batire ikhale yoyera, ndipo batirelo limangidwe ndi chitsulo chake, osati ndi lamba wa chubu.

Ndi nthawi iti yoyenera kuziyatsa?

Pamene patsogolo panu palibe maso a munthu. Nyali izi zinapangidwira tchire, minda ndi misewu yopanda anthu. Kupatula za fog, zilibe malire a pamwamba ngati dimu, choncho zimalasa chilichonse chili kutsogolo. Ganizirani dalaivala wa minibasi amene akubwera pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Pa sekondi iliyonse akuyenda mamita 22. Mukamuthobwa kwa masekondi asanu okha, wayenda mamita oposa 100 osaona, ali ndi anthu m'galimoto, ndipo m'mphepete mwa msewu muli mayi wosenza nkhuni. Wa kabaza akathobwa amagwera m'ngalande kapena amalowera kwa inu komweko. Okalamba maso awo amachedwa kwambiri kubwerera.

Choncho mukaona kuwala kwa galimoto kuseri kwa chitunda, zimitsani isanatulukire. Mukamatsatira mnzanu, zimitsani, chifukwa magalasi ake amamubwezera kuwala konse. Polowa pa trading centre kapena m'mudzi, zimitsani. Pa msewu wa tala wa anthu ambiri monga M1, dimu ndi fulu za galimoto n'zokwanira. Nyali ndi zina mwa zimene zimayezedwa potenga chiphaso cha COF, ndiye musanaboole bampala kafunseni ku ofesi ya Road Traffic kuti zimene mukuika zigwirizane ndi malamulo.

Popeza tsopano ndikuona kutali, ndingathamange?

Kuwala kumatalikitsa maso, sikufupikitsa mabuleki. Pa makilomita 80 pa ola, munthu asanaponde n'komwe buleki amakhala atayenda mamita oposa 30 kuchokera pamene waona chinthu. Pa timiyala ndi fumbi matayala amatsetsereka, ndipo pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo n'kumavina. Nyali siidzakuonetsani mlatho wokokoloka kuseri kwa kona, kapena ngolo yopanda chonyezimira imene ikutuluka m'munda. Lamulo la usiku ndi limodzi: yendani pa liwiro loti mungaime mkati mwa mtunda umene mukuona.

Kupatula nyali, ndi ziti zimene msewu wa fumbi umawononga msanga?

Choyamba ndi fyuluta ya mpweya. Iyang'aneni pafupipafupi nyengo ya fumbi, ndipo ikadzaza isintheni. Kuipopera mpweya wamphamvu kumang'amba pepala lake, fumbi n'kulowa mu injini. Chachiwiri ndi fyuluta ya dizilo. Injini zamakono za common rail zimapopa mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri, moti madzi kapena zinyalala pang'ono zimawononga ma injector a ndalama zambiri. Kanyali ka madzi kakayaka pa dashibodi, khetsani madziwo tsiku lomwelo, ndipo pewani dizilo wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera.

Oyilo wa injini, pa ntchito yolemetsa ya fumbi, asinthidwe msanga kuposa wa galimoto ya m'tauni. Makilomita 5,000 ndi muyeso umene amakaniko ambiri amatsatira. Pakani girizi pa propshaft. Mukawoloka mtsinje wakuya, yang'anani oyilo wa mu diff: akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Tsukani matope kunsi nyengo ya mvula, chifukwa amasunga chinyezi n'kudya chitsulo. Pa Hilux ya D-4D ya 2.5 kapena 3.0, lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 150,000, pamene injini zatsopano za 2.4 ndi 2.8 zili ndi tcheni. Ndipo pa mapikapu ambiri 4H ndi 4L ndi za m'matope, mumchenga ndi m'fumbi. Pa tala wouma zimapotokola magiya.

Nanga matayala akuluakulu, chitsulo cha kutsogolo ndi kukweza galimoto?

Walira mvula walira matope. Chilichonse chowonjezera chili ndi mtengo wake wachiwiri. Mapikapu ambiri amaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo m'kati mwa taniyo muli dalaivala, okwera, chitsulo cha kutsogolo, batire lachiwiri ndi matayala a sipeya. Chitsulo cholemera chimatopetsa masipiling'i akutsogolo, ndipo pa galimoto ya ma airbag chiyenera kukhala chopangidwira mtundu umenewo. Matayala okulirapo amadya mafuta ambiri, amanamiza speedometer ndi kufooketsa mabuleki. Kukweza galimoto kwambiri kumaichititsa kugubuduzika msanga pa kona. Kwa ambiri matayala a all-terrain a saizi yoyenera, ma shock abwino ndi masipiling'i osathyoka n'zokwanira. Mukasintha chilichonse chokhudza msinkhu wa galimoto, lunjikaninso nyali.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi zoimitsa galimoto: mabuleki ndi matayala. Kenako zochititsa kuti ena akuoneni: nyali zakumbuyo, za mabuleki, ma indicator ndi zonyezimira, zimene fumbi limaziphimba tsiku ndi tsiku. Kansalu kamodzi kopukutira musananyamuke kangapulumutse moyo. Pambuyo pake konzani dimu ndi fulu zanu, mawaya ake ndi kulunjika kwake. Ndalama ikatsala, gulani nyali ziwiri zabwino zogwirizana ndi njira yanu, ndipo ngati si za fog zilumikizidwe ku fulu.

Msewu wa kumudzi ndi wa tonse: mwana wochokera kuchigayo, wa njinga wopita ndi wodwala kuchipatala, dalaivala mnzanu wotopa. Usiku wina inunso mudzakhala mutatsika m'galimoto, mukuyenda pansi m'mphepete mwa msewu womwewo, kuwala kukubwera kutsogolo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa nthawi imeneyo simudzafunsa kuti nyali yake ndi ya ma lumen angati. Mudzangoyembekeza kuti wakuonani, ndipo watsitsa.